Kodi tikonze laibulale pamene anthu akugona ndi njala?

Mayi wina wa ku Dowa wandilembera kalata pa imelo. Ali m'komiti ya chitukuko kudera kwawo, ndipo komitiyo yagawanika pawiri. Pasukulu ya pulayimale pali kachipinda komwe kale kanali laibulale, koma denga likudontha ndipo mabuku ena adadyedwa ndi chiswe. Ena akufuna kukakonza, ena akuti buku sadya, ndipo kukamba za mabuku pamene mabanja akudya kamodzi patsiku n'chipongwe. Funso la mayiyu n'lakuti aime mbali iti.

Mayi, anzanu amene akukanawo musawaone ngati adani a chitukuko. Zimene akunena zikuoneka ndi maso. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy adakokolola minda kuchigawo chakumwera. Mu Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, feteleza ndi mafuta ophikira n'kukwera mtengo. Kenaka kudabwera ng'amba ya El Niño, moti mu Marichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Bungwe la MVAC, lomwe limaunika za chakudya m'dziko muno, lidati anthu pafupifupi 5.7 miliyoni adzasowa chakudya kuyambira Okutobala 2024 mpaka Marichi 2025. Ngati ndalama zili m'manja mwanuzo zidabwera kuti zigule chimanga cha anthu ovutika, zigule chimanga. Pamenepo palibe zokambirana.

Koma ngati ndi ndalama za chitukuko, malata angapo ndi thumba la simenti, ine ndikuti konzani kachipindako.

Njala ikalowa pakhomo siyamba ndi kupha munthu, imayamba ndi kugulitsitsa. Wailesi imapita, njinga imapita, foni imakhala yopanda mayunitsi, ndipo mwana wa ku sekondale amabwezedwa chifukwa cha fizi. Banja limene likufunitsitsa kudziwa mtengo wa chimanga, tsiku lolembetsa zipangizo zotsika mtengo kapena kumene akulemba ntchito ndi lomwelo limene latsekeka maso ndi makutu. Nyuzipepala imodzi yoikidwa patebulo imawerengedwa ndi mudzi wonse, ndipo owerengawo salipira kanthu.

Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu ambiri timaidziwa, koma timaiwala chiyambi chake. Adasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, makolo ake atalephera kulipira fizi. Kumene adathawira ndi kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale ya Wimbe. Adapezako buku lotchedwa Using Energy, naona chithunzi cha makina oyendera mphepo, n'kupanga ake ndi zitsulo zotola ali ndi zaka 14. Sindikulonjeza kuti Dowa itulutsa Kamkwamba wina. Chimene chimandikhudza mtima n'chakuti mnyamata amene geti la sukulu lidamutsekera adapeza chitseko china chosafunsa lisiti. Ana otere m'dera mwanu alimo chaka chino, ndipo inu mukuwadziwa ndi maina.

Tsono laibulale imene ndikunenayi si yodzaza ndi mabuku otumizidwa kuchokera kunja okamba za chipale ndi mafumu a ku Ulaya. Zimenezo tidaziona m'masukulu ambiri, mabuku ali ndi fumbi, kiyi ali kwa ahedi. Yanu ikhale ndi zimene anthu akuzifuna lero, ndipo zambiri zikhale m'Chichewa. Mlangizi mmodzi amayang'anira alimi ochuluka zedi moti sangafike pamunda uliwonse, koma timapepala take titha kukhala pamalo amodzi: kazindikiridwe ka ntchemberezandonda chimanga chikadali chaching'ono, kapangidwe ka manyowa a Mbeya posakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono, kubzala nandolo pakati pa chimanga, kusiya mitengo ya msangu m'munda. Makamaka kasungidwe ka zokolola. Chimanga chambiri timachitaya chili kale m'nyumba, anankafumbwe atachisandutsa fumbi, pamene matumba a PICS osalowa mpweya amachisunga popanda mankhwala. Ndipo chaka ndi chaka timagulitsa kwa mavenda mu Meyi pamtengo wolira, n'kukagula chomwecho mu Januwale chitakwera. Bolodi lolembapo mitengo ya m'misika yoyandikana sabata iliyonse lingathandize mlimi kuganiza kawiri asanaike thumba pasikelo.

Amene sadziwa kuwerenga asasiyidwe. Ana a sitandade 8 kapena aphunzitsi a sukulu ya kwacha atha kuwerenga mokweza masana amodzi pasabata, alangizi n'kubwera kudzayankha mafunso. Ngati mungapeze kasola, anthu azitchajanso mafoni pompo.

Ngakhale ku Britain, mitengo ya magetsi ndi chakudya itakwera m'nyengo yozizira ya 2022, malaibulale ambiri adakhala malo amene anthu ankapita kukafundirako tsiku lonse kwaulere. Kuno vuto si chisanu, koma n'zothekanso kuti kachipindako kakhale pamene pamaikidwa chidziwitso cha kulandira thandizo, ndi pamene agogo angapeze wowalembera fomu.

Ku komiti mukapite ndi zinthu zogwirika. Mulembere a National Library Service, oyang'anira malaibulale m'dziko muno, omwe likulu lawo lili ku Lilongwe, kuwafunsa za mabuku ndi maphunziro a woyang'anira. Mupite ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA) mukapemphe timabuku ta m'Chichewa. Mugwirizane ndi amfumu ndi ahedi kuti kiyi asunge ndani, komanso kuti chitseko chizitsegulidwa ngakhale sukulu itatsekera, kwa aliyense, kuphatikizapo ana amene adasiya sukulu. Amene akukanawo muwapemphe kuti iwowo ndiwo asankhe zolembedwa pabolodi sabata yoyamba.