Mukafika kunyanja, galimoto muisiya m'manja mwa ndani?

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera imelo sabata yathayi. Akufuna kupita ndi ana kunyanja pa tchuthi chikubwerachi, mwina ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear, ndipo galimoto ndi yobwereka kwa alamu awo. Akufunsa kuti akaimike pati kuti azikasamba mtima uli m'malo.

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mwandigunda pachilonda.

Zaka zingapo zapitazo, pa 15 Okotobala, Tsiku la Anakubala, ndinatenga mayi anga kupita nawo ku Senga Bay. Iwo anakulira ku Ntchisi, ndipo anafika pokalamba nyanja akungoimvera m'kamwa mwa anthu. Tinanyamuka mochedwa poti tinkadikira mpunga upse. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Salima pamsewu wa M14 ndi makilomita pafupifupi 100, kenaka ena ngati 20 kuti uponde mchenga. Tinafika dzuwa lili paliwombo, anthu ali yakaliyakali: maminibasi a makwaya, malole a achinyamata, mabanja ndi mapoto awo. Pageti pa malo ena ogona alendo anatiuza mtengo wolowera munthu aliyense. Ndinawerengera chamumtima, ndinaona ngati akufuna kundidyera. Ndinabwerera n'kukaimika kuseri kwa mpanda, pansi pa mtengo wa mango, pamthunzi wabwino popanda munthu. Chimene chinandikopa n'chomwecho, kuti panalibe munthu.

Amayi anavula nsapato, anakwinya chitenje, analowetsa mapazi m'madzi n'kuyamba kuseka ngati kamtsikana. Sindinawaonepo akuseka choncho chimwalirireni bambo. Titabwerera madzulo tinapeza galasi lakumbuyo lili phwanyu, tizidutswa tili mbwee pampando. Chikwama chawo palibe. Ndalama munali zochepa, koma munalinso mankhwala awo a BP, buku la kuchipatala, chitupa cha unzika, ndi Baibulo limene anawagulira malemu bambo. Njira yonse mphepo ikulowera pawindo losweka, iwo sanandidzudzule ngakhale kamodzi. Anangoti zachitika basi mwananga. Galasi ndinagula lina, chitupa tinachivutikira mpaka chinatuluka. Baibulo lija silinapezeke, ndipo mpaka lero ndikaliganiza tulo timandithawa.

Kwa chaka chathunthu ndinkauza aliyense kuti anthu a kunyanja ndi akuba. Ndinalakwa, ndipo amene amayankhulabe choncho ndikuwatsutsa poyera. Ine wakubayo sindinamuone. Tsiku ngati limenelo gombe limadzaza ndi ife a m'tauni, ndipo wa zala zazitali amakwera minibasi yomweyo imene takwera. Nanga mwini mudzi, amene aliyense akumudziwa dzina ndi mayi ake, angaphwanye galasi pakhomo pake masana dzuwa likuswa mtengo? Zikhoza kuchitika, koma ine sindithamangiranso kumeneko.

Chimene chinanditembenuza chinachitika ku Cape Maclear. Ambiri timaiwala kuti kumeneku si gombe chabe. Ndi mudzi wa Chembe, mudzi waukulu wa asodzi, wozunguliridwa ndi paki ya Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Amishoni a ku Scotland anayambira pomwepa mu 1875 asanasamukire kumpoto. Ukapatuka pamsewu wa ku Monkey Bay n'kudutsa m'mapiri muja, umatulukira m'tinjira tamchenga topapatiza, nyumba uku ndi uku, ana akuthamanga, abakha akudutsa. Ine ndinalowetsa galimoto mpaka kufupi ndi madzi. Matayala anatitimira. Kuponda moto, ikungokumba. Anabwera abambo anayi amene ankasoka ukonde, anachotsako mpweya pang'ono m'matayala, anaika matabwa, anakankha mpaka inatuluka. Atatha, wamkulu mwa iwo anandilozera mwaulemu kuti pamene ndinaimapo ndi njira imene amayi amadutsira ndi mabeseni a usipa popita kumathandala. Ndinachita manyazi. Ndiye anandiperekeza pakhomo pa mchemwali wake, pampanda wa bango, ndipo galimoto inagona pamenepo masiku awiri osasowa ngakhale kachitsekerero ka tayala.

Tsono ndikamva munthu akudandaula kuti kunyanja amalipiritsa poimika galimoto, magazi amandiwira. Mafuta ochokera ku Lilongwe mwagula, nkhuku mwakazinga, zakumwa mwadzaza, koma ya mlonda yokha ndiye ikupweteka? Munthu akhale padzuwa la Okotobala tsiku lonse kukuonerani katundu, inu mumupatse ndalama yosakwana n'kugula chambo chimodzi, mukuyang'ana kumbali? Ayi. Ndipo makhonsolo nawo ali ndi mlandu. Aliyense akudziwa kuti pa Khrisimasi, pa Chaka Chatsopano, pa Isitala ndi pa Tsiku la Anakubala anthu amakhamukira ku Salima ndi ku Mangochi. N'chovuta chanji kupatula bwalo limodzi, kuikapo alonda odziwika ndi malisiti? Pamsika amadula matikiti tsiku lililonse. Komanso magombe ambiri abwino anatchingidwa ndi mipanda ya malo ogona alendo, moti wopanda ndalama ya pageti amakankhidwira kumalo obisika ngati kumene ndinaimika ine. Nkhani ya mipandayo ndidzailemba payokha, imandiwawa.

Chinanso, nyanja inakwera kwambiri mu 2024, madzi analowa mpaka m'mabwalo a malo ena ogona alendo ku Mangochi. Ngati mnzanu anapitako kale n'kukuuzani kuti pakutipakuti pali malo abwino oimikapo, musadalire mawu akalewo. Imbani foni mufunse mmene palili lero.

Tsono muimike pati?

Poti galimoto ndi ya alamu anu, lowani pamalo ogona alendo pamene pali geti ndi mlonda, mulipire ya alendo ongocheza masana. Fikani isanakwane 9 koloko m'mawa, malo asanathe. Kukadzaza, pemphani pakhomo pa munthu kapena pasitolo yotsegula, mugwirizane mtengo musanachoke, mudziwe dzina lake, theka mupereke pobwerera. Akhale wamkulu, osati ana amene amakuthamangirani kuti bwana tikuonereni, chifukwa mwana sangaletse mbala ndipo zikavuta mudzamuika m'mavuto osamuyenera. Zikwama ikani m'buti musanafike, osati anthu akuona. Pampando pasakhale kanthu, ngakhale jumbo yopanda kanthu. Mankhwala, zitupa ndi makiyi zikhale ndi munthu mmodzi wotsala pamkeka. Pamchenga wofewa musapondepo, ndipo mukalowa mbali ya paki ku Cape Maclear tsekani mawindo onse, anyani akumeneko amadziwa fungo la buledi.

Ndipo chonde nyamukani kusanade. Msewu wa Salima usiku wa tchuthi umadzaza ndi oyendetsa amene amwa kuyambira m'mawa, njinga za kabaza zopanda nyali zili m'mbali. Amayi anga chaka chino akuti akufuna akaonenso nyanja, ndipo ndawauza kuti tidzanyamuka 5 koloko, mpunga tidzaphika dzulo lake.