Kuitana a yunivesite kudzaphunzitsa komiti ya mjigo

Achimwene, mwafunsa ngati a yunivesite angabwere kudzaphunzitsa komiti yanu ya mjigo kwa Khombedza, komanso mwati madzi anu akumveka mchere. N'zotheka ndithu kuti abwere, koma yambani mwadzera kwa mkulu woona zamadzi ku khonsolo ya Salima, akulumikizeni nawo. Ku Mzuzu University kuli nthambi ya zamadzi ndi ukhondo, ndipo ophunzira amafuna midzi yochitirako kafukufuku. Kwathu ophunzira ena atabwera anatunga madzi m'timabotolo, kenako n'kutiuza kuti chimbudzi chayandikana kwambiri ndi chitsime. Tinakwirira chimbudzicho, agogo akung'ung'udza sabata yonse. Koma za mchere mukuumva m'madziwo musangoganizira, akayezedwe ku labotale ndi akatswiri. Mukafuna kukumba mjigo wina, kumbukirani kuti lamulo la zamadzi la 2013 limafuna chilolezo cha bungwe la boma loyang'anira madzi la National Water Resources Authority (NWRA).