Kwa mphunzitsi woitanidwa ku Xi'an: za patebulo ndi zakale za mzindawo

Mayi ena a ku Zomba, omwe amaphunzitsa Chingerezi, andilembera imelo kundiuza kuti aitanidwa kukaphunzitsa teremu imodzi pa sukulu ina ya ukachenjede mumzinda wa Xi'an ku China. Nkhawa yawo ndi yakuti amva kuti mlendo kumeneko amatopetsedwa ndi maphwando, pomwe iwo samwa mowa ndipo sadziwa ngati angakhale miyezi inayi osadya nsima. Afunsanso ngati malo akale a mumzindawo ndi oyenera kuonongerapo ndalama. Popeza nanenso ndinaphunzitsako mumzinda womwewo, ndiwayankha pano kuti ena apindulepo.

Mayi, choyamba ndi chakuti musakane kuitanidwa ku chakudya. Mukhoza kukana mbale ina kapena tambula ya mowa, koma phwando lenilenilo musalikane, chifukwa anthu a ku China amamulandira mlendo pomudyetsa, ndipo zambiri zimene sanganene mu ofesi amazinena patebulo. Akuluakulu a dipatimenti adzakutengerani ku lesitilanti, m'chipinda cha inu nokha, momwe muli tebulo lozungulira lokhala ndi galasi lotembenuka pakati pake. Mbale zonse zimaikidwa pagalasipo ndipo aliyense amatapa pang'onopang'ono ndi timitengo todyera. Musathamangire kukhala pansi, dikirani akulozereni mpando, pakuti mipando yoyang'ana kukhomo ndi ya mwini phwando ndi mlendo wolemekezeka. Wokhala pambali panu adzakuikirani ndiwo m'mbale yanu musanapemphe, ndipo mukangomaliza adzaonjezera zina. Njira yosonyezera kuti mwakhuta ndiyo kusiyako pang'ono m'mbale. Mudzaonanso anthu akulimbirana kulipira ngati akukangana. Inu yeserani kamodzi mwaulemu kenaka muwasiye, koma tsiku lina muwaitane ndinu, chifukwa amakumbukira amene amabweza ulemu.

Mowa wa pamaphwando otere ndi baijiu, wotchezedwa makamaka kuchokera ku mapira, ndipo ukali wake nthawi zambiri umapitirira 50 peresenti. Anthu amaimirira mmodzimmodzi kudzagundanitsa tambula ndi mlendo, ndipo wamng'ono amatsitsa tambula yake kuti ikhale pansi pa ya wamkulu. Nenani poyambirira penipeni kuti simumwa, ndipo musasinthe mawu pakati pa phwando, chifukwa amene walawa kamodzi savomerezedwanso kukana. Mukaimirira ndi kapu ya tiyi n'kugundanitsa nawo, mwambo wakwanira. Kunena zoona, amayi sakakamizidwa kwambiri monga abambo pa nkhani imeneyi. Chinthu chimodzi chokha chimene ndikuchenjezeni ndi kuzika timitengo todyera chilili mu mpunga, chifukwa zimawakumbutsa zofukiza zimene amaimika pokumbukira akufa.

Za chakudya, dziwani kuti chigawo cha Shaanxi, chomwe likulu lake ndi Xi'an, chimadalira tirigu kuposa mpunga. Mudzadya kwambiri ma noodles, makamaka otchedwa biangbiang, omwe ndi otambalala ndiponso aatali, ndipo amawathira tsabola, adyo, viniga ndi mafuta otentha. Pali roujiamo, kabuledi kophwathalala kong'ambidwa pakati n'kuikamo nyama yophikidwa nthawi yaitali, kawirikawiri ya nkhumba, koma kwa Asilamu imakhala ya ng'ombe kapena ya nkhosa. Chimene ine ndimachiyesa chofunika koposa ndi yangrou paomo. Amakupatsani buledi wolimba ndi mbale yopanda kanthu, ndipo inu mwini mumanyema bulediyo tizidutswa ting'onoting'ono kwambiri, kenaka mbaleyo imabwerera kukhitchini kukathiridwa msuzi wa nyama ya nkhosa. Kunyemako kumatenga nthawi, ndipo ndi pamenepo pomwe aphunzitsi anzanu amamasuka n'kuyamba kukufunsani za kwanu, za ana ndi za malipiro omwe, mafunso amene kwa iwo si achipongwe ayi. Mukaisowa nsima, funsani jiaotuan, chakudya cha kumudzi chophikidwa ndi ufa wa chimanga kapena wa mbewu zina, chomwe amachivundula mumphika mpaka chilimbe ngati nsima yofewa, ngakhale amachidyera msuzi wowawasa wa viniga ndi tsabola. Ufa wa chimanga wachikasu umapezeka m'misika, choncho mukhoza kudziphikira nokha. Madzi akumwa adzakupatsani otentha ngakhale kunja kukutentha, ndipo muzolowere.

Chakudya cha nyama ya nkhosachi chili ndi mbiri yake. Xi'an, yemwe kale ankatchedwa Chang'an, anali likulu la mafumu a Tang, omwe analamulira kuyambira 618 mpaka 907, ndiponso poyambira njira ya amalonda a silika yopita kumadzulo. Amalonda a Chisilamu anakhazikika mumzindamo, ndipo lero anthu a mtundu wa Hui ali ndi dera lawo kuseri kwa nsanja ya ng'oma, komwe kuli mzikiti waukulu womangidwa ngati kachisi wa Chitchaina, wa madenga opindika ndi mabwalo a maluwa. Amene sadya nkhumba savutika mumzindawu.

Ndalama zanu sizidzapita pachabe pa asilikali a dongo, omwe ali ku Lintong, pafupifupi makilomita 40 kum'mawa kwa mzinda. Alimi okumba chitsime ndi amene anawatulukira mu 1974, ndipo akatswiri amati alipo pafupifupi 8,000, oumbidwa kuti alondere manda a Qin Shi Huang, mfumu imene inagwirizanitsa China mu 221 BC. Linga la mzinda, lomangidwa m'zaka za m'ma 1370 ndipo lotalika pafupifupi makilomita 14, mukhoza kulizungulira pamwamba pake panjinga yobwereka. Koma kwa mphunzitsi, ine ndimaika patsogolo malo otchedwa Beilin, omwe alendo ambiri amawalambalala. Kumeneko kuli miyala 114 yomwe anazokotapo mabuku a chiphunzitso cha Confucius, mphunzitsi wotchuka wakale wa ku China, ntchito yomwe inatha mu 837, kuti ophunzira okopera pamanja akhale ndi poyerekezera polondola. Pomwepo palinso mwala wa mu 781 wofotokoza kufika kwa Chikhristu ku Chang'an mu 635. Mukaona miyala imeneyi mudzamvetsa chifukwa chake ophunzira anu adzakupatsani kope ndi manja awiri, komanso chifukwa chake pa 10 Seputembala, tsiku la aphunzitsi, tebulo lanu lingadzadze maluwa.

Ophunzira kapena aphunzitsi akadzipereka kukuperekezani ku malo amenewa, vomerani, chifukwa amanyadira kuonetsa kwawo ndipo amadziwa kugula matikiti pafoni, omwe ambiri amafuna kulembetseratu ndi nambala ya pasipoti. Muwatengere kamphatso kochokera kuno, monga tiyi wa ku Thyolo, khofi wa ku Mzuzu kapena chitenje, koma osati wotchi ya pakhoma, yomwe kwa iwo imalosa maliro. Maulendowo musawaike m'sabata yoyamba ya Okutobala, pakuti dziko lonse limakhala pa tchuthi ndipo ku Lintong mungathe tsiku lonse mukungoona misana ya anthu.