Yankho kwa achimwene a ku Turffontein, ku Johannesburg: makutu a kagalu aja

Achimwene, mwati mwagula kagalu ka Doberman ka masabata 10, makutu ake ndi odulidwa kale, ulusi wosokera chilonda ukadalipo, ndiye mukufuna kudziwa mmene mungawamangire kuti aime njo. Ena pagulu pano akuti ikani timitengo ndi selotepi. Chonde musayese zimenezo.

Khutu lomwe lili ndi chilonda silimangidwa. Liyambe lapola, ulusi uchotsedwe (kawirikawiri pakapita masiku 10 mpaka 14), nkhanambo zigwe zokha. Mukalikuta lisanaume, chinyezi chimatsekeredwa mkati, mafinya amayamba, ndipo chilimwe cha kuno ntchentche sizichedwa kuikirapo mazira. Linunkhizeni tsiku lililonse. Mukamva fungo, kapena likatentha, kutupa, galu nkumangopukusa mutu ndi kudzikanda, musadikire mawa.

Koma chachikulu ndi ichi. Kuno ku South Africa kudula galu makutu pofuna kuti aoneke bwino nkoletsedwa. Bungwe la South African Veterinary Council sililola madokotala a ziweto kuchita zimenezi, ndipo a SPCA, bungwe loteteza nyama ku nkhanza, amazitengera kukhoti pansi pa lamulo la Animals Protection Act la 1962. Ndiye dzifunseni kuti anadula ndani, ndi chiyani, ndipo kagaluko anakagoneka tulo kapena anangokagwira miyendo. Zimandiwawa kwambiri. Nchifukwa chake ndikuti kaonedwe ndi dokotala sabata ino. Animal Anti-Cruelty League, bungwe linanso lothandiza ziweto, ili ku Regents Park, pafupi nanu pomwepo, SPCA ili ku Booysens. Kanenani zoona za komwe munakagula. Lamulo lomwelo limatinso kusiya chiweto chovulala osachipezera chithandizo ndi mlandu, choncho kubisa galu kuseri kwa nyumba sikukuthandizani.

Dokotalayo akaona kuti kumanga kungathandize, akusonyezani ndi manja. Amaika chofewa chonga siponji mkati mwa khutu, osachikankhira mu dzenje lomvera, nkukulunga ndi pulasitala wa nsalu wa ku famase, wolowa mpweya. Tepi ya magetsi ayi. Amakulunga momasuka, nsonga ya khutu nkuisiya poyera kuti muziiona. Ikazizira kapena kusintha mtundu, masulani nthawi yomweyo: magazi sakuyenda, ndipo khutu likhoza kufa. Zomangirazo zimasinthidwa pakatha masiku 5 mpaka 7, kapena zikangonyowa. Mvula ya masana ikayamba, galu alowe mnyumba.

Ndi ntchito ya miyezi. Kafupa kofewa ka khutu kamalimba pang'onopang'ono, ndipo galu akamagwetsa mano a ubwana, cha m'miyezi 4 mpaka 6, makutu amatha kugwanso ngakhale anali ataima. Apa mpomwe anthu amathamangira mapilitsi a calcium. Musatero, galu wamtundu waukulu amaonongeka nawo mafupa akamakula. Chakudya chabwino cha ana agalu chikwanira.

Ndipo khutu likakana kuima, lisiyeni. Galuyo azimva bwinobwino, aziuwa, azilondera pageti ngati mnzake aliyense. Munthu wina asakunamizeni zolidulanso kachiwiri.

Mukapita kuchipatalako tengani khadi la katemera ngati wogulitsayo anakupatsani. Ngati palibe, nenani, ayambe kumubaya wa parvo, nthenda ya m'mimba ya agalu ija amati cat flu kuno, ndipo wa chiwewe akakwana miyezi 3.