Funsani Akatswiri: Thanki ilipo, nanga nayitireti m'chitsime wachokera kuti?

FUNSO: Pasukulu pathu pali zimbudzi zamadzi zothira m'thanki ya septic, madziwo n'kutsikira m'dzenje la miyala. Atayeza madzi a chitsime chakumunsi apeza kuti nayitireti wachuluka. Kodi thankiyo yawonongeka? Tichite chiyani? Mphunzitsi wamkulu, Zomba.

YANKHO: Aphunzitsi, thankiyo mwina ili bwinobwino. Ntchito yake ndi kudikhitsa zolimba, si kuchotsa nayitirojeni, amene ndiye gwero la nayitireti. Munthu wamkulu amatulutsa magalamu 10 mpaka 12 a nayitirojeni patsiku, ndipo pafupifupi magawo 80 mwa 100 alionse amakhala mu mkodzo. M'thanki mulibe okosijeni, choncho nayitirojeniyo amangosanduka amoniya n'kutuluka. M'dothi amoniya amakumana ndi mpweya n'kukhala nayitireti, amene samamatira ku dothi, amangoyenda ndi madzi mpaka kuchitsime. Bungwe la WHO linaika malire a mamiligalamu 50 a nayitireti pa lita ya madzi akumwa. Akapitirira pamenepo, madziwo musasungunulire mkaka wa makanda, chifukwa magazi awo amalephera kunyamula mpweya. Kuwiritsa sikuthandiza, nayitireti sachoka ndi moto.

Kuti nayitirojeni achokeretu pamafunika magulu awiri a mabakiteriya, ndipo chimene gulu lina limafuna, linalo limadana nacho.

Loyamba, la Nitrosomonas ndi Nitrobacter, limasandutsa amoniya kukhala nayitireti. Pa galamu iliyonse ya nayitirojeni limadya magalamu 4.6 a okosijeni. Njira yosavuta ndi bedi lamchenga lomwe madzi ochokera m'thanki amalowera pamwamba n'kutulukira pansi: pansi ikani pulasitiki yochindikala, miyala yakwale masentimita 20 ndi mapaipi oboola, pamwamba mchenga wamumtsinje wotsukidwa bwino masentimita 50 mpaka 60, n'kudzalapo bango. Kuno kotentha sikweya mita imodzi kapena ziwiri pa munthu wogona pomwepo imakwana. Chinsinsi chili pa kathiridwe. Madzi azibwera mwakamodzi, kanayi mpaka kasanu ndi katatu patsiku, kenako bedi liphwe kuti mpweya ulowe. Akamangodontha tsiku lonse mchenga umatsekeka, madzi amadikha pamwamba, fungo n'kuyamba. Mabakiteriyawa amachititsanso madzi kukhala aasidi. pH, muyeso wa asidi m'madzi, ikatsika kufika pansi pa 6.5 ntchito imachita ulesi, ndiye sakanizani miyala ya laimu m'munsi mwa bedi. Amaswana pang'onopang'ono, motero dikirani masabata 4 mpaka 6 musanayeze.

Ambiri amalekera pamenepa, n'kudabwa kuti nayitireti wakwera m'malo motsika. Wakwera chifukwa ntchito yangofika theka.

Gulu lachiwiri limaphwanya nayitireti kukhala mpweya wa nayitirojeni wouluka, wosavulaza. Limafuna malo opanda okosijeni ndi chakudya, pafupifupi magalamu 4 mpaka 5 a BOD (muyeso wa zinyalala zowola m'madzi) pa galamu ya nayitirojeni. Chakudyacho chili kale m'chipinda choyamba cha thanki, choncho ikani pampu yobwezera ena mwa madzi otuluka pabedi kumeneko. Mukabweza ofanana ndi olowa, musayembekeze kuchotsa zoposa theka. Mukabweza katatu, mwina magawo 75 mwa 100, koma madzi ochuluka chotero amavundula matope a m'thanki yaing'ono. Kumene magetsi ndi ovuta, kumbani ngalande, muiyale pulasitiki, mudzazemo tizibanthu ta mitengo yosapaka mankhwala, madzi otuluka pabedi azimiza tizibanthuto ndi kukhalamo tsiku limodzi kapena awiri. Masabata oyamba amatuluka ofiirira ngati tiyi, musachite mantha.

FUNSO: Bwanji pasukulu zimavuta kuposa panyumba?

YANKHO: Ana oyendera amakodza kusukulu koma chimbudzi chachikulu ambiri amachitira kwawo, ndipo madzi akukhitchini palibe. Nayitirojeni amachuluka, chakudya cha gulu lachiwiri n'kuperewera. Ife timalangiza kuyambira pa mkodzo: pokodzera anyamata pakhale paipi yakeyake yopita m'zigubu zotseka bwino. Mkodzo ukasungidwa miyezi 6 umakhala feteleza wa chimanga ndi nthochi, wosungunula ndi madzi zigubu zitatu kapena kuposa pa chimodzi. Oyeretsa asamakhuthulire kolorini wambiri m'zimbudzi, amapha mabakiteriya apabedi. Thanki ipopedwe matope akafika gawo limodzi mwa atatu, ndipo madzi otuluka muziwayeza mwezi uliwonse ndi timapepala toyezera amoniya, nayitireti ndi pH.