Kuchotsa mimba ya miyezi 6: yankho kwa mayi amene wandilembera

Mayi wina wanditumizira imelo ndi funso losapsatira: "Ndamva kuti m'mayiko ena amachotsa mimba ya miyezi 6, ngakhale 7. Mwana wotere amakhala akugunda kale m'mimba. Kodi munthu wamtima angavomereze bwanji zimenezi? Kapena ndine amene sindikumvetsa?"

Mayi, mukumvetsa ndithu, ndipo kuwawidwa mtima kwanuko sindikukutsutsa. Chimene ndikupempheni n'chakuti tisaponye mimba zonsezi m'dengu limodzi, chifukwa sizifanana.

Choyamba, zimenezi sizichitika kawirikawiri. Ku America, ziwerengero za CDC, bungwe la boma loona zaumoyo, zimaonetsa kuti pa mimba 100 zochotsedwa, pafupifupi imodzi yokha ndiyo imakhala itafika masabata 21 kapena kupitirira. Ku England ndi Wales, zopitirira masabata 24 (pafupifupi miyezi 6) ndi pafupifupi imodzi pa 1,000. Kuchepaku sikuthetsa funso lanu, koma kumatiuza kuti tikukamba za anthu amene zawagwera.

Amene amatsutsa kuchotsa mimba ali ndi mfundo imodzi imene ine sindinamvepo wina ataigwetsa. Mu 1990, Britain inatsitsa malire a nthawi yololedwa kuchotsa mimba kuchoka pa masabata 28 kufika pa 24, chifukwa madokotala anali atayamba kupulumutsa ana obadwa masiku asanakwane. Kuyambira pamenepo luso lapitabe patsogolo: mu 2020, ku Alabama, mwana wobadwa pa masabata 21 ndi tsiku limodzi anakhala ndi moyo. Ndiye kuti m'chipatala chimodzi, anamwino a ku nazale akhoza kuchezera usiku wonse kulimbana ndi moyo wa khanda la masabata 23, pamene m'chipinda china mimba ya msinkhu womwewo ikuchotsedwa. Ana awiriwa amasiyana pati? Wina akufunidwa, wina ayi. Kufunidwa kokha sindikuona ngati muyeso wa umunthu.

Koma taonani amene amafika mochedwawo. Sikani yaikulu yoona ziwalo za mwana imachitika cha pa masabata 20, ndipo ndi pamene mavuto ambiri amaonekera. Mayi amene anasankha kale dzina amauzidwa kuti mwana alibe impso zonse ziwiri, kapena kuti ubongo ndi chigaza sizinapangike, vuto lotchedwa anencephaly. Mwana wotere amabadwa wakufa, kapena amapuma maola kapena masiku ochepa. Amayi ena amasankha kusunga mimbayo kuti adzamunyamuleko ngakhale ola limodzi, ndipo ndimawapatsa ulemu. Ena sangathe kuyenda miyezi 4 akufunsidwa ndi aliyense kuti "mukuyembekezera liti?" pamene akudziwa kuti akuyembekezera maliro. Amenewa ine sindingawatche akupha, ndipo sindikuona kuti wapolisi ali ndi malo m'chipinda chimenecho.

Moyo wa mayi ukakhala pachiswe, ambiri a mbali zonse amavomereza kuti apulumutsidwe, ndipo mwana akakhala wamkulu ndithu madokotala amangomubadwitsa msanga n'kuyesa kupulumutsa onse. Vuto limakhala lamulo losamveka bwino. Mu 2012, ku Galway m'dziko la Ireland, Savita Halappanavar anali kupita padera pa masabata 17. Anapempha kuti mimba ichotsedwe, anamukanira poti mtima wa mwana unkagundabe, matenda analowa m'magazi, ndipo anamwalira. Mu 2018 anthu a ku Ireland anavota kuti lamulo loletsa kuchotsa mimba lisinthe.

Pamene ine mutu umaima ndi pa ulumali wosapha. Lamulo la ku Britain limalola kuchotsa mimba mpaka pafupi kubadwa ngati mwana akuoneka kuti adzakhala ndi ulumali waukulu, ndipo Down syndrome, vuto lobadwa nalo limene limachedwetsa kakulidwe ndi kaphunziridwe ka mwana, imawerengedwa momwemo. Heidi Crowter, mayi amene ali ndi Down syndrome, anakasuma kukhothi kuti lamuloli limamuuza kuti moyo wake ndi wotsika mtengo. Mlandu sunamukomere mu 2021, apilo inakanikanso mu 2022. Oweruza anaona zamalamulo, koma dandaulo lakelo ine ndikuliona lomveka. Ngati mwana wa masabata 30 ndi wotetezedwa, atetezedwe kaya ndi wolumala kaya ayi. Ndikudziwa kuti kunena n'kosavuta kwa amene sadzalera, n'chifukwa chake dziko loletsa liyeneranso kusenza nawo makolowo mtolo wa chipatala ndi sukulu.

Pali gulu linanso limene mkanganowu umalilumpha: mtsikana wa zaka 13 amene anagwiriridwa, sanadziwe kuti ali ndi pakati, kapena anabisa chifukwa cha mantha mpaka mimba inaonekera. Apa, Mayi, funso langa loyamba silipita kwa mtsikanayo. Limapita kwa akuluakulu amene anakhala naye nyumba imodzi miyezi 5 osaona kanthu, ndi kwa amene anamuchita chipongwecho.