Tsiku limodzi lokhalo, pitani ku Zumaia

Achemwali, mwafunsa kuti pa ulendo wanu wa ku San Sebastián, mzinda wa kumpoto kwa Spain, muli ndi tsiku limodzi lopuma, ndiye mukufuna tauni ya m'mbali mwa nyanja yoti mukayende wapansi. Ine ndikuti Zumaia, osakayika. Mukwere sitima ya pamtunda ya Euskotren yolowera ku Bilbao, m'mphindi 40 kapena kupitirira pang'ono mwafika.

Koma musanasankhe ola lonyamukira, yambani mwaona pa intaneti nthawi imene madzi aphwe tsikulo. Ife tinazolowera nyanja ya Malawi imene gombe la m'mawa ndi lomwelo madzulo. Kumeneko ayi. Madzi amabwerera kutali kawiri pa tsiku, nthawi yake n'kumasuntha tsiku lililonse, ndipo miyala ya pagombe imene mukupitira imaoneka bwino madziwo ataphwa basi.

Mukatsika sitima, tsatani mtsinje wa Urola, mudutse pa tchalitchi cha San Pedro, mutulukire ku gombe la Itzurun. Pamenepo mudzaona miyala imene amaitcha flysch, yosanjikizana ngati malata oimika chopendekera, ina yolimba ina yofumbutuka, mizere yake kulowa mpaka m'nyanja. Anali matope ndi mchenga zimene zinkadikha pansi pa nyanja kwa zaka mamiliyoni ambiri, kenaka nthaka itakankhana pomwe mapiri a Pyrenees ankatumphuka, zonsezo zinatukuka n'kuima chilili. Ikani dzanja pamenepo, mumve mmene mzere wina ukukhakhalira wina n'kumasalala. Kwerani ku kachalitchi ka San Telmo kamene kali pamphepete penipeni pa phompho, mupitirire ku kagombe ka Algorri. Kumeneko kuli kamzere kopyapyala, kakuda, ka zaka 66 miliyoni zapitazo, nthawi imene chimwala chochokera kumwamba chinagwa padziko, nyama za dinosaur n'kutheratu. Ndikupemphani, musathamange pamenepa. Anthu ambiri amangojambula selfie n'kumapita, osadziwa chimene aima nacho pafupi, ndipo zimandiwawa.

Musagumule mwala kapena kutola kanthu, ndi malo otetezedwa. Matauni a Zumaia, Deba ndi Mutriku onse ali mu geopark, dera losamalidwa chifukwa cha miyala yake, yovomerezedwa ndi bungwe la UNESCO. Komanso musakhale pansi penipeni pa phompho, miyala imagwa.

Ngati miyendo ili bwino, pali njira yochokera ku Deba kufika ku Zumaia, makilomita pafupifupi 14, yodutsa ku Sakoneta. Ndi yokongola zedi koma zitunda zake si zamasewera, ndipo mvula ikagwa matope ake ndi oterera. Dera limenelo mvula sichedwa, ndiye jekete ndi nsapato zogwira pansi musasiye. Poti mwati mawondo amakuvutani, imeneyo isiyeni. Mukatha ku Algorri mukwere basi ya ku Getaria, ndi pafupi. Kumeneko ndi kwawo kwa Juan Sebastián Elcano, amene anamaliza ulendo woyamba wozungulira dziko pa chombo mu 1522. Nsomba amaotchera panja pa makala, pakhomo pa lesitilanti, fungo lake n'kudzaza msewu wonse wotsikira kudoko. Nsomba yathunthu ndi yodula, koma tizakudya ta pintxos ta m'mabala n'totsikirako mtengo. Chakudya chamasana amayamba mochedwa, cha m'ma 1:30, choncho ikani kena m'chikwama.

Anthu ake amayankhula Chibasiki kuphatikiza pa Chisipanishi. Polowa nenani "kaixo", pothokoza "eskerrik asko". Pobwerera, sitima yomweyo mukaikwerera ku Zarautz, tauni yotsatira Getaria.